Momwe mungalembere nkhani yopeka ya achinyamata yosanamiza owerenga

Alembi ambiri amakumana ndi vuto ili: nkhani yalembedwa, chilankhulo chili bwino, tsatanetsatane akuyenda, koma mtsikana kapena mnyamata amene mwampatsa kuti awerenge akufika tsamba lachitatu n'kuiika pansi. Mukamufunsa amangoti, "Ili bwino," n'kuyamba nkhani ina. Kawirikawiri chamugwetsa mphwayi n'chimodzi. Wazindikira kuti kuseri kwa mwininkhani kwabisala munthu wamkulu wodzaza malangizo m'thumba, ndipo nkhani yonse yalembedwa pofuna kutsimikiza kuti mawu a akulu akoma akagonera.

Kunena zoona m'nkhani yopeka sikuletsa apangankhani kunama. Mwininkhani akhoza kunama kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza. Amene saloledwa kunama ndinu mlembi: musaname za momwe mantha amamvekera pa zaka 15, za chifukwa chomwe mwana wanzeru amachitira zopusa, ndi za chomwe chimatsatiradi akalakwa. Malangizo awa ndi a nkhani yaifupi ya mawu 3,000 mpaka 5,000. Ngati mukulemba buku lathunthu, njira yake ndi yomweyi, kungoti muibwereza pa mutu uliwonse.

Zofunika kukhala nazo musanayambe

- Kope limodzi lolembamo zokumbukira ndi zomwe mwamva, losiyana ndi lomwe mulembemo nkhaniyo.
- Timapepala 12 mpaka 15 tokula ngati chikhatho, kamodzi ka chochitika chilichonse.
- Zolembera za mitundu itatu: yofiira, yobiriwira ndi yakuda.
- Foni yotha kujambula mawu. Ntchito yake ndi kujambula inuyo mukuwerenga mokweza. Musajambule ana mobisa.
- Owerenga achinyamata atatu mpaka asanu, amsinkhu wa mwininkhani kapena ocheperapo pang'ono. Asakhale ana anu kapena ophunzira a m'kalasi mwanu, chifukwa amenewo adzakuopani kapena kukumverani chisoni. Makolo awo adziwe ndi kuvomereza.
- Munthu mmodzi wodziwa ntchito yokhudza mutu wovuta womwe uli m'nkhani yanu, monga namwino, mphunzitsi kapena mlangizi wa zamaganizo.
- Masabata 6. Awiri mwa amenewa nkhani idzagona osaigwira.

1. Sankhani zaka zenizeni za mwininkhani

Musayambe ndi "wachinyamata". Lembani nambala. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limawerengera msinkhu wa pakati pa ubwana ndi ukulu kuyambira zaka 10 mpaka 19, ndipo m'zaka zimenezi muli anthu osiyana kwambiri. Wa zaka 13 amadandaula ndi thupi lomwe lasintha mwamsanga kapena lachedwa kusintha, komanso ndi amene akhale naye pafupi m'kalasi. Wa zaka 17 amaganiza za mayeso omaliza, za kuchoka panyumba, ndi za chibwenzi chomwe mwina chitha sukulu ikatha. Mukasakaniza nkhawa ziwirizi mwa munthu mmodzi, owerenga a misinkhu yonse iwiri amadziwa kuti munthuyu kulibe.

Achinyamata amakonda kuwerenga za munthu wowaposa ndi chaka chimodzi kapena ziwiri. Ngati mukulembera a zaka 14, mwininkhani akhale wa zaka 15 kapena 16.

Chenjezo: mukasankha zaka, lembani pansi zinthu zisanu zomwe munthu wa zaka zimenezo saloledwa kuchita popanda kupempha. Alembi amaiwala kuti wachinyamata alibe ndalama zake, alibe nyumba yake, ndipo sangangonyamuka usiku osafunsidwa. Malire amenewa ndiwo amabala mkangano wa nkhani.

2. Kumbani unyamata wanu, osati wa anthu ena

Tengani kope lija, dzipatseni mphindi 20, ndipo lembani ziganizo 20 zoyamba ndi mawu akuti "Sindinauzepo munthu kuti..." Zonse zikhale za nthawi yomwe munali ndi zaka za mwininkhani wanu. Zisanu zoyamba zidzakhala zosekesa, zomwe mumakamba kale pocheza. Pitirizani. Zofunika zimayamba kutuluka chakumapeto, pomwe dzanja layamba kuzengereza.

Sankhani zitatu zomwe zikukuchititsanibe manyazi lero. Pa chilichonse lembani mizere itatu: chomwe thupi linachita, chomwe munaganiza, ndi chomwe munanena pakamwa. Mudzaona kuti mzere wachiwiri ndi wachitatu sizigwirizana. Mumtima munali kuti "chonde musandisiye," koma pakamwa panatuluka "zanu zimenezo." Mpata wa pakati pa mizere iwiriyi ndiwo chuma chanu chachikulu, ndipo mudzaugwiritsa ntchito pa tsamba lililonse.

Chenjezo loyamba: tengani momwe munamvera, osati zochitikazo. Mukakopera munthu weniweni, mumayamba kumuteteza kapena kumulipsira, ndipo zonse ziwiri zimapotoza nkhani. Sinthani zinthu zosachepera zitatu zokhudza iye, kuti ngakhale mwiniwake asadzizindikire.

Chenjezo lachiwiri: manyazi sakalamba, koma njira zake zimasintha. Chomwe kale chinkamveka ndi anthu asanu n'kuiwalika, lero chimajambulidwa pa foni, n'kufika kwa kalasi yonse usiku umodzi, n'kukhalapobe chaka chamawa. Musaveke mwana wa lero unyamata wanu wopanda intaneti.

3. Pezani bodza lomwe mwininkhani amadziuza

Apa m'pomwe muyenera kukhalitsa. Musanalembe ndime iliyonse, yankhani mafunso atatu, lililonse ndi chiganizo chimodzi:

- Akufuna chiyani, chomwe angachitchule yekha?
- Akubisa chiyani kwa anthu ena?
- Amadziuza bodza lanji kuti agone tulo?

Nachi chitsanzo chomwe tiyenda nacho. Mtsikana wa zaka 15 akufuna kukhalabe m'kagulu ka atsikana otchuka m'kalasi mwake. Akubisa kuti ndiye anatumiza uthenga wachinsinsi wa mnzake wapamtima kwa mmodzi wa atsikanawo, uthengawo n'kufalikira, mlandu n'kugwera wina. Bodza lomwe amadziuza ndi lakuti, "Ine ndinangotumiza kwa munthu mmodzi, amene anafalitsa ndi ena."

Funso lachitatu ndilo lovuta, ndipo alembi ambiri amalidumpha. Amapanga mwininkhani wolakwa amene akudziwa bwino kuti walakwa ndipo akungodikira kulapa, kapena wosalakwa konse amene dziko likumuzunza. Onse awiri n'ngosavuta kulemba, koma palibe wachinyamata amene amadziona mwa iwo. Munthu weniweni amakhala pakati: walakwa, akudziwa pang'ono, ndipo ali ndi chifukwa chomwe kwa iye chikumveka.

Kuti bodzalo limveke la msinkhu wake, likhale lobadwa ku mantha a kuonedwa. Katswiri wa zamaganizo David Elkind analemba mu 1967 za zinthu ziwiri zomwe zimaoneka pa msinkhu uwu. Choyamba, wachinyamata amamva ngati aliyense akumuyang'ana ndi kumuweruza nthawi zonse, ngakhale pomwe anthu atanganidwa ndi zawo. Chachiwiri, amakhulupirira kuti zomwe akumva palibe wina anazimvapo, ndiye palibe angamumvetse. Ikani ziwirizi m'mutu mwa mtsikana wathu ndipo muona chifukwa chomwe sangangopita kukapepesa. Kwa iye kuulula ndi kuima pamaso pa sukulu yonse, ndipo amayi ake, ngakhale atamvetsera, sangadziwe kulemera kwake.

Pa chochitika chomwe akulakwa, muikemo anzake m'chipindamo. Kafukufuku wa Margo Gardner ndi Laurence Steinberg wa mu 2005, wogwiritsa ntchito masewera oyendetsa galimoto pa kompyuta, anaonetsa kuti achinyamata ankachita zoika moyo pachiswe mochuluka anzawo akakhala pambali kusiyana ndi akakhala okha, ndipo kusinthaku kunali kwakukulu kwa iwo kuposa kwa akuluakulu. Kwa mlembi phunziro lake n'lakuti mwana amene walakwa nthawi zambiri ankadziwa kuopsa kwake. Chinamugonjetsa ndi maso a anzake. Mukalemba ngati analakwa chifukwa cha umbuli, mwanama, ndipo mwanyoza owerenga anu amene amadziwa kuti iwo si mbuli.

Chenjezo: mwininkhani asatchule bodzali ngati bodza mpaka chakumapeto, mwinanso asalitchule n'komwe. Wowerenga alione yekha lisanaululidwe.

4. Yalani zochitika pa timapepala

Pa kapepala kalikonse lembani zinthu zitatu: chochitika, amene akudziwa zoona pa nthawi imeneyo, ndi mtengo womwe mwininkhani angalipire akanena zoona pompo. Yalani timapepalato patebulo motsatana.

Mtengo uzikwera. Pa kapepala kachitatu kapena kachinayi, mpatseni mpata woulula motsika mtengo: mnzake uja akumufunsa mwachikondi, ali awiriwiri, ndipo iye akukana. Chapakati, wosalakwa uja alangidwe iye akuona. Pofika pampondachimera, pomwe mkangano wafika pachimake, kunena zoona kukhale kotayitsa zonse zomwe ankafuna pachiyambi. Kapepala komwe mtengo sunasinthe, kachotseni.

Chenjezo: zoona zisatuluke mwangozi, monga mphunzitsi kutola foni kapena wina kumva kuseri kwa chitseko. Zikatero mwamulanda mwininkhani chisankho chokhacho chomwe owerenga akhala akudikira. Akhoza kugwidwa, inde, koma pakhalebe china chomwe iye yekha angasankhe kunena kapena kubisa.

5. Tsekerani wofotokoza nkhani mu msinkhu wake

Nkhani zambiri za achinyamata zimafotokozedwa ndi mwininkhani mwini, ndi "ine", ndipo zimakhala ngati zikuchitika pompano kapena zangochitika kumene. Chifukwa chake n'chomveka: munthu wa zaka 40 wokumbukira unyamata wake amadziwa kale kuti zonse zinapita, pomwe wa zaka 15 sadziwa. Kusadziwako ndiko kumapatsa nkhani mphamvu.

Mukasankha njira iyi, letsani mawu monga "ndikanadziwa", "pa nthawiyo sindinkazindikira kuti" ndi "monga achinyamata ambiri". Onsewa ndi mawu a munthu wamkulu amene walowa pazenera. Wofotokoza aone zomwe wa zaka 15 angaone. Amayi ake akatopa ndi ngongole, iye aone kuti akhala akuwerenga pepala limodzi kawirikawiri ndipo sakuyankha akaitanidwa. Wowerenga amvetse zambiri kuposa wofotokozayo.

6. Lembani zokambirana zomwe zikuzemba nkhani

Achinyamata salankhula zakukhosi mu ziganizo zathunthu, makamaka kwa makolo. Taonani kalembedwe kofala aka:

"Amayi, ndikumva chisoni chifukwa ndinamupereka mnzanga, ndipo ndikuopa kuti anzanga ena andisala ndikaulula."

Palibe mwana angalankhule chonchi. Mlembi wangotenga mfundo ya nkhani n'kuiika m'kamwa mwake. Yerekezani ndi izi:

"Mnzako uja sakubweranso masiku ano. Mwayambana?"
"Ayi. Ali bize."
"Sabata yonse?"
"Amayi, chaja yanga mwaiona?"

Palibe chomwe chanenedwa, koma wowerenga wamva zonse: kunama, mantha, ndi kuti amayi akayikira. Bwererani ku mizere itatu ya m'kope lija. Chomwe munthu akuganiza chipite m'ndime zofotokoza kapena chisalembedwe. Chomwe akunena chikhale china.

Pokonzekera, khalani pamalo pomwe achinyamata amacheza poyera, mphindi 30 maulendo angapo, ndipo mvetserani kayendedwe ka mawu. Onani utali wa ziganizo, momwe amadulirana mawu, momwe nthabwala imabisira chikondi, ndi momwe mawu amasinthira munthu wamkulu akafika. Mwana yemweyo amene amati "iwe" kwa mnzake amasanduka wina akamati "inu" kwa bambo ake, ndipo pamene wasiya ulemu umenewo mwadala, ngakhale kamodzi, ndiye kuti chinachake chasweka m'nyumbamo. Lembani kayendedweko m'kope, osati nkhani za eni ake.

Chenjezo la mawu a makono: amatha msanga. Mawu omwe ali m'kamwa mwa aliyense chaka chino adzakhala osekesa buku lisanasindikizidwe. Awiri kapena atatu m'nkhani yonse akwana, ndipo akhale omwe akhalitsa kale zaka zingapo. Mawu omwe simukudziwa bwino kuti amanenedwa liti ndi kwa yani, asiyeni. Kuwalakwitsa kamodzi kokha kumachotsa chikhulupiriro cha masamba khumi.

Mauthenga a pa foni alembeni mwachidule monga alili, ndipo gwiritsani ntchito kusayankha. Uthenga womwe wawerengedwa koma sunayankhidwe kwa maola atatu ndi chochitika chokwanira pachokha.

7. Akuluakulu akhale anthu

M'nkhani zofooka akuluakulu amakhala amitundu iwiri: ankhanza opanda chifukwa, ndi anzeru amene amafika pa tsamba lomaliza kudzamasulira phunziro. Pa kholo kapena mphunzitsi aliyense, lembani chomwe iye akufuna chosakhudzana ndi mwanayo, ndi chinthu chimodzi chomwe akulakwitsa ngakhale ali ndi chikondi. Akhoza kunena zoona pa nthawi yolakwika. Akhoza kupereka malangizo abwino a vuto lomwe si lomwe mwanayo ali nalo. Akhozanso kunama iye mwini, mwanayo n'kumugwira, ndipo chochitika chotero chimakhudza achinyamata kwambiri chifukwa ambiri anachionapo.

Munthu wamkulu athandize, koma asathetse vuto. Ngati mungachotse mwininkhani m'ndime zomaliza nkhani n'kuthabe chimodzimodzi, ndiye kuti mwaipereka kwa akuluakulu.

8. Zotsatira zilingane ndi cholakwa

Bodza lalikulu kwambiri m'nkhani za achinyamata lili apa. Mtsikana wacheza ndi mnyamata kamodzi, tsamba lotsatira ali ndi pakati, wachotsedwa sukulu, wadwala, wamwalira. Mnyamata walawa mowa kamodzi, mapeto ake ali kundende. Mlembi amaganiza kuti akuteteza ana powaopseza. Koma wowerenga wa zaka 16 ali ndi anzake amene anachita zomwezo ndipo ali moyo, akupita kusukulu. Akaona kuti mwakokomeza apa, amasiya kukukhulupirirani ngakhale pomwe mukunena zoona.

Mbali inayo ilinso ndi bodza lake: nkhani yomwe mwininkhani amachita chilichonse popanda chomupweteka, kapena amapepesa kamodzi onse n'kumukumbatira.

Njira yake ndi iyi. Pa cholakwa chachikulu cha m'nkhani yanu, lembani zotsatira zisanu zomwe zingachitikedi, kuyambira chofala kwambiri mpaka chosowa. Sankhani pakati pa zitatu zoyamba. Kenako funsani kuti chotsatiracho chikupweteka pati. Kwa mtsikana wathu, chofala si kuchotsedwa sukulu. Ndi kukhala desiki limodzi ndi munthu amene sakumulankhulanso, kumva dzina lake likutchulidwa anthu n'kukhala chete iye akalowa, ndi kupeza kuti kagulu komwe anagulitsira mnzake sikamufunanso. Zazing'ono m'maso mwa wamkulu, koma zikalembedwa mosamala zimaluma kuposa maliro opeka.

Zoopsa zenizeni zimachitika, ndipo mukhoza kuzilemba. Mimba za atsikana aang'ono, matenda ndi imfa zilipo. Mukazisankha, zikhale mutu wa nkhani womwe mwaufufuza, wokhala ndi masamba ake, osati chikwapu chomwe mwatulutsa m'ndime yomaliza. Apa m'pomwe namwino kapena mlangizi uja akuthandizeni: mufunseni kuti zimayamba bwanji, amene amazindikira koyamba ndani, ndipo sabata yoyamba imakhala yotani.

9. Mitu yowawa: nenani zoona za ululu, bisani njira

Pa nkhani za kudzipha, kudzivulaza ndi nkhanza zogonana, kunena zoona sikufuna kuti muonetse chilichonse. Pali zomwe zikalembedwa mwatsatanetsatane zimavulaza wowerenga amene ali kale pamavuto.

Mu 1974 wofufuza David Phillips anaonetsa kuti chiwerengero cha odzipha chinkakwera nyuzipepala zikalemba za kudzipha pa tsamba loyamba. Mu 2010 ofufuza a ku Austria, motsogozedwa ndi Thomas Niederkrotenthaler, anapeza mbali ina: nkhani za anthu amene anafika pa maganizo odzipha koma n'kupeza njira yopirira zinkayenderana ndi kutsika kwa chiwerengerocho. Mu 2019 bungwe la WHO linatulutsa malangizo a opanga mafilimu ndi masewero pa mutu umenewu, ndipo mfundo zake zimagwiranso ntchito kwa mlembi wa nkhani:

- Musafotokoze njira, chida, mlingo wa mankhwala kapena malo.
- Musapereke chifukwa chimodzi chokha, monga kulephera mayeso kapena kukanidwa chibwenzi. Zoona zake n'zakuti zifukwa zimakhala zambiri zolukanalukana.
- Kudzipha kusaoneke ngati njira yolipsira kapena yopezera chikondi chomwe munthu anamanidwa ali moyo.
- Onetsani zizindikiro zomwe anzake akanatha kuona, ndipo muonetse munthu akupempha thandizo n'kulipeza, ngakhale movutikira.
- Funsani katswiri awerenge musanafalitse, ndipo ganizirani zoika chenjezo koyambirira ndi komwe munthu angapeze thandizo kumapeto.

Pa zogonana, kumbukirani kuti aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana malinga ndi pangano la United Nations la ufulu wa ana la mu 1989. Lembani za chilakolako, chisokonezo, kukakamizidwa ndi mafunso omwe mwana amaopa kufunsa, chifukwa zimenezi zilipo ndipo kuzibisa n'kunama. Thupi la mwana musalifotokoze mokopa, ndipo chochitikacho chisalembedwe mwatsatanetsatane. Pa nkhanza, khalani m'mutu mwa wochitiridwayo, ndipo nkhani isasiye mpata woti wowerenga aganize kuti mlandu ndi wake.

10. Malizani pomwe chisankho chachitika

Mathero oona amakhala ndi chotayika ndi chotsala. Mtsikana wathu waulula, wosalakwa uja wamasuka, koma mnzake wapamtima sanamukhululukire, mwina adzatero, mwina ayi. Chiyembekezo chikhalepo, pakuti wowerenga wamng'ono akufunika kuona kuti moyo umapitirira munthu akalakwa, koma chikhale cha mlingo womwe nkhani yagula.

Mukamaliza kulemba, phimbani ndime yomaliza ndi dzanja n'kuwerenga yomwe ili pamwamba pake. Nthawi zambiri nkhani inathera pamenepo, ndipo yomwe mwaphimbayo ndi ulaliki.

11. Igoneni masabata awiri, kenako ikonzeni ndi mitundu itatu

Sindikizani nkhaniyo papepala. Ndi cholembera chofiira, lembani mzere pansi pa chiganizo chilichonse chomwe chikuphunzitsa, chomwe chingaime chokha pa khoma la kalasi. Ndi chobiriwira, zungulizani paliponse pomwe mpangankhani watchula dzina la momwe akumvera, monga "ndinakwiya" kapena "ndinachita manyazi". Ndi chakuda, ikani kadontho pomwe munafewetsa chinthu poopa zomwe anthu okudziwani anganene.

Zofiira zonse zichoke. Zobiriwira, sinthani ziwiri mwa zitatu zilizonse kuti zikhale zochita kapena zonena. Zakuda ndizo zofuna kulimba mtima: bwererani pa chilichonse n'kulemba chomwe munaopa. Nthawi zambiri ndi maganizo oipa a mwininkhani, monga kusangalala mobisa mnzake atagwa. Owerenga amamukonda kwambiri akaona zimenezi, chifukwa nawonso anaziganizapo ndipo ankayesa kuti ndi okha.

Pomaliza dzijambuleni mukuwerenga zokambirana zonse mokweza, ndipo mumvetsere tsiku lotsatira. Pomwe lilime linapunthwa, konzani.

12. Iyeseni kwa owerenga achinyamata

Apatseni aliyense payekha, osati pagulu, kuti asatengerane mayankho. Musafunse kuti "Yakusangalatsa?" Apatseni pensulo ndi ntchito zinayi: aike mtanda pomwe anayamba kutopa, azungulize mawu omwe munthu wa msinkhu wawo sanganene, alembe chomwe akuganiza kuti mwininkhani akubisa atafika pakati pa nkhani, ndipo anene amene angamutumizire nkhaniyi. Akamayankha, inu lembani, musadziteteze kapena kufotokoza chomwe mumatanthauza.

Chomwe watchula mmodzi, chiganizireni. Chomwe atchula awiri kapena atatu pa malo amodzi, chikonzeni. Njira yokonzera yomwe angapereke simukakamizidwa kuitsata, koma malo omwe aloza amakhala olondola pafupifupi nthawi zonse.

Zolakwika zofala

Kuyesa kuti mdima ndiwo choonadi. Alembi ena akamva zoti asafewetse, amadzaza nkhani ndi mankhwala ozunguza bongo, nkhanza ndi imfa. Unyamata uli ndi kuseka mpaka kupweteka m'mimba, kunyong'onyeka kwa masana aatali, ndi chimwemwe cha uthenga umodzi wochokera kwa munthu woyenera. Nkhani yopanda zimenezi yanamanso.

Kupanga mwininkhani wabwino kuposa anzake onse. Amawerenga mabuku, sasamala za kutchuka, amaona uchitsiru wa ena. Ameneyu ndi mlembi amene akudzikonzera unyamata wake. Mpatseni cholakwa chomwe chimapweteka munthu wina.

Kuchepetsa vuto la mwana. Mawu ngati "kachibwenzi kachibwana" akalowa m'kamwa mwa wofotokoza nkhani, wowerenga amamva kuti mukumuseka. Kwa amene zikumuchitikira koyamba, palibe china choyerekeza nacho.

Kulemba za moyo womwe simuudziwa popanda kufunsa eni ake. Ngati mwininkhani ali ndi ulumali, matenda okhalitsa, kapena chipembedzo chosiyana ndi chanu, pezani anthu awiri a moyo umenewo awerenge, ndipo mpangankhaniyo akhale ndi zofuna zina kupatula chinthu chimodzicho.

Kusintha munthu usiku umodzi. Wovutitsa anzake salapa chifukwa cha mawu amodzi a mphunzitsi. Ngati asinthe, kusinthako kuyambe kuoneka pa timapepala titatu kapena tinayi m'mbuyo, ndipo kukhale kochepa: wasiya kuseka nawo, koma sanafike poteteza.

Kulembera makolo ndi aphunzitsi m'malo mwa ana. Zimadziwika ndi mafunso omwe mlembi amadzifunsa polemba. Mukapezeka mukufunsa kuti "Kodi akuluakulu avomereza izi?" pa ndime iliyonse, imani, malizani kaye nkhaniyo monga ikufunira, ndipo za omwe adzaigule kapena kuiloleza kusukulu mudzaziganizire pokonza komaliza, mutadziwa kale ziganizo zomwe simungalole kuti zichotsedwe.